Lameki Anamwalira pa Dzina la Eni

Ku Leicester ndinakhalako zaka zambiri, ndipo ntchito yanga inali yosambitsa azungu okalamba. Kumudzi ndinkangoti ndili kuchipatala, iwo n'kumaganiza kuti ndimavala zoyera ndi kubaya anthu jakisoni. Sindinkawatsutsa. Ndalama ikafika palibe amene ankafunsa kuti yatuluka m'beseni lotani. Ndinanyamuka pa Lumbadzi nditavala jekete la pakaunjika limene mlamu wanga analumbira kuti palibe chisanu chingalipyole, koma nditangotsika ndege jeketelo linasanduka neti ya udzudzu.

Zaka zoyamba ndinkakhala ku Belgrave, pamwamba pa sitolo ya amwenye ogulitsa ndolo ndi zibangili. Tinalimo azimayi angapo m'chipinda chimodzi, tikugona mosinthana. Wa shifiti ya usiku akamafika, wa masana n'kuti akudzuka, moti bedi silinkazizira. Mapepala okhalira m'dzikomo ndinadzawapeza nditavutika, imvi zitayamba kale, ndipo anzanga aja anali atabalalika, wina ku Nottingham, wina kumudzi, wina kumanda.

Kutatsala zaka zochepa kuti ndibwerere kuno, mpingo wina wa m'dera lathu unkatsegula holo yake nyengo yachisanu kuti muzigona mabanja obwera amene analibe kolowera. Ena mapepala awo anali atakanidwa, ena ankadikira yankho lomwe silinkabwera, ena eni nyumba anali atawatulutsira katundu panja. Ife Amalawi malowo tinkawatcha paboda, chifukwa anthu ake anali ngati malole a pa Mwanza: sanalowe m'dziko, komanso sanatuluke. Ndinadzipereka kumakathandiza masiku amene sindinali pa shifiti. Ndisadzitame kuti unali mtima wabwino wokhawokha. Chipinda changa chinali chozizira ndiponso chachete, pamene kuholoko kunali hita yaulere ndi ana aphokoso.

Woyang'anira anali mayi wachizungu wopuma pantchito, dzina lake Pauline, wamtima wabwino koma wa malamulo ngati mphunzitsi wamkulu. Lamulo lake lalikulu linali la chitseko. Chinkakhala chokhoma nthawi zonse, ndipo munthu akaliza belu, ife tinkadina kabokosi kolankhulira ndi kumufunsa dzina. Wosanena dzina sankatsegulidwa, chifukwa azimayi ena m'menemo anathawa amuna ankhanza. Panja pamwamba pa chitseko panali getsi lomwe linkayaka lokha munthu akaima pakhomo.

Chaka chimenecho kunagwa chipale chofewa choti ngakhale eni dziko ankadandaula. Nyengo imeneyo kumeneko kumada ana asanafike n'komwe kuchokera kusukulu, ndiye tinkatsegula kukungoyamba mdima. Tsiku lina Pauline anandiitana kuti kwabwera munthu wa kwathu. Anali mtsikana wamtali, wa ku Ntcheu, dzina lake Esinati, ali ndi mwana wamkazi wazaka ngati zisanu ndi chimodzi wotchedwa Tiyamike. Tiya anabadwira konko, Chichewa ankamva koma ankayankha m'Chingerezi cha m'mphuno ngati ana onse a kumeneko. Nditafunsa za bambo a mwana, Esinati anati ali ku Derby kufakitale, ndipo akakonza za nyumba adzawatenga. Ananena akuyang'ana pansi, ine n'kungoti ndi manyazi a umphawi.

Belu linayamba mawa lake. Titangotsegula, anthu onse atalowa, linalira kamodzi, motalika. Ndinadina kabokosi n'kufunsa kuti ndani. Kunkamveka ngati munthu akupumira m'mpango, kenako zii. Ndinasuzumira pagalasi la chitseko. Getsi linali litayaka, koma pakhomo panalibe munthu, ndipo chipale cha pamasitepe chinali chosalala ngati ufa wosefa. Tsiku lotsatira chimodzimodzi, linalo chimodzimodzi. Pauline anati ndi chinyezi chalowa m'mawaya, anaitana wa magetsi, koma wa magetsiyo sanapeze vuto. Kenako anati mwina ndi mphaka akuyatsa getsilo. Ndinamuuza kuti amphaka a ku England ndi ophunzira ndithu, koma woliza belu sindinamuonepo. Anaseka, ine sindinaseke kwenikweni.

Esinati naye ankatidabwitsa. Aliyense ankapatsidwa bedi lopinda, koma iye ankagonekapo mwana yekha, iyeyo n'kuyala chitenje pansi pozizira poti zii. Kubafa sankapita. Mafuta sankadzola, milomo inachita kung'aluka. Duku silinkachoka kumutu, ndipo pamimba anali atamanga nsalu zolimba. Pauline anamubweretsera matiresi abwino, iye anathokoza mwaulemu n'kuwapatsa mayi wina woyembekezera. Azungu anayamba kunong'onezana kuti ndi matenda a maganizo, aitane dokotala. Ine ndemwe, mwana wa Mchewa, ndinkavomereza nawo. Zaka za kunja zimamuphimba munthu m'maso.

M'mawa wina ndinalawirira kukawiritsa tiyi. Ndinamupeza Esinati atakhala pansi, atatsamira khoma, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo, chitenje atafunda kumutu. Thupi langa linazindikira mutu usanadziwe kanthu. Ndinangopezeka ndakhala pambali pake nanenso nditatambasula miyendo, monga timakhalira azimayi m'nyumba ya siwa. Kusasamba kuja, kugona pansi kuja, nsalu ya pamimba ija, zonse zinabwera pamodzi. Mtsikanayu anali namfedwa, ndipo ankakhala pamaliro yekhayekha pakati pa anthu osadziwa.

“Pepani, mai a Tiya,” ndinatero. “Maliro ali kuti?”

Sanalire. Anayang'ana kumene mwana ankagona, n'kuyamba kufotokoza motsitsa mawu ngati akunena za munthu wina.

Mwamuna wake anali Lameki. Onse awiri mapepala awo anatha kalekale, ndiye Lameki ankagwira ntchito monga ankachitira anthu athu ambiri osowa pogwira: kubwereka dzina la munthu wa mapepala. Iye anabwereka la bambo Mbewe, mkulu wina amene tonse tinkamudziwa, dalaivala wa ku Leicester komweko. Kufakitale yolongedza nkhuku ku Derby, Lameki anali Mbewe. Pachifuwa ankavala baji ya Mbewe, akaitanidwa Mbewe ankatembenuka. Tsiku lina anagwa ali pamzere wa ntchito, ndipo ambulansi inamutenga ndi baji yake yomweyo. Anamwalira asanatsegule pakamwa. Mnzake wa kuntchito ndiye anadzamunong'oneza Esinati, n'kumuchenjeza kuti asayerekeze kupita kuchipatala. Mwezi usanathe mwini nyumba ku Normanton, dera la ku Derby kumene ankakhala, anawatulutsa. Tsopano Lameki anali gone mufiriji ya kumochale, kuchala ali ndi dzina la munthu wamoyo. Kumudzi sankadziwa, ngakhale Tiya sanauzidwe.

Ndinamva kuzizira kumene hita ya m'holo ija sikanatha kuchotsa. Ndinamufunsa kuti nanga akuganiza zotani. Anati akakamutchula mwamuna wake dzina, ndiye kuti wadziulula yekha kwa a imigireshoni, ndipo iye ndi mwana adzakwezedwa ndege. Akakhala chete, mtembo wopanda abale a khonsolo amadikira kanthawi kenako amautenga, ndipo kawirikawiri amauotcha. Mawu akuti kuotcha anawanena movutikira ngati akumeza munga.

Madzulo a tsiku lomwelo belu linaliranso. Ndinapita, ndinadina kabokosi, ndinafunsa dzina monga mwa lamulo. Kupuma kuja kunamveka, kenako zii. Nditatembenuka ndinapeza Tiya ali kumbuyo kwanga, atagwira kapu ya mkaka ndi manja awiri. Anandiuza m'Chingerezi chake chija, mosatekeseka, kuti amenewo ndi adadi ake.

“Mukumangowafunsa dzina, anti,” anatero. “Sakudziwa kuti anene liti.”

Mwina mwanayo ankangodziwa kuti bambo ake kuntchito ndi Mbewe ndipo kunyumba ndi Lameki, poti ana amaona zambiri. Ndayesa kudziuza choncho zaka zonsezi. Koma tsiku limenelo tsitsi linandiima, ndipo ndinakakhala ndekha kukhitchini.

Patapita masiku ochepa bambo Mbewe anatulukira. M'holo anakana kulowa, ndiye tinakakumana nawo poimika magalimoto, ine ndi Esinati. Munthu amene ndinkamudziwa wonenepa, wanthabwala, anali atatha ngati wodwala chaka. Anati anapita kukatenga mankhwala awo a BP, ndipo mtsikana wa pakauntala atayang'ana pakompyuta anawayang'ana iwo, n'kuyang'ananso pakompyuta, kenako anaitana mkulu wake. Kompyuta inkati bambo Mbewe anamwalira ku Derby. Chiyambire tsiku limenelo akazi awo ankachita mantha kugona nawo chipinda chimodzi. Iwo eni ankati akudya koma sakukhuta, ndipo akamayenda mumsewu ankaona ngati anthu sakuwaona.

Nzeru yawo inali yakuti tonse tikhale chete. A khonsolo akamaliza zawo, iwo adzapita kukanena kuti munthu wosamudziwa anawabera dzina, ndipo nkhani idzathera pomwepo.

“Mai a Tiya, wapita wapita,” anatero. “Phulusa silimva kuwawa. Ganizirani mwanayu. Sukulu yake ili kuno, anzake ali kuno, kumudzi sakudziwako n'komwe.”

Ine mkwiyo unandikwera. Ndinawafunsa ngati munthu amene ankadya naye mbale imodzi angamusandutse wakuba, n'kumusiya aotchedwe ngati zinyalala. Anandiyankha kuti ine ndikulankhula chifukwa mapepala anga ali m'thumba. Zinandipweteka chifukwa zinali zoona. Zimene ananena za Tiya zinalinso zoona. Esinati anangotembenuka n'kulowa.

Ine zosankhira munthu pa nkhani yotere sindikanatha. Chimene ndinkadziwa n'chakuti maliro n'kulirana, ndipo kumusiya namfedwa yekha pansi ndi chipongwe kwa tonsefe. Ndinamupempha Esinati kuti atilole tidzakhale naye ngakhale tsiku limodzi, anavomera ndi mutu. Pauline ndinamuuza theka la nkhani. Anandiyankha kuti iye makutu ake ndi okalamba, sanamve kanthu, koma Lamlungu masana holo ilibe ntchito.

Uthenga unayenda pafoni monga umayendera wa maliro. Lamlungulo tinapinda mabedi onse n'kuwaimika kukhoma. Azimayi anabwera a ku Leicester, a ku Derby, ena kuchokera ku Hyson Green ku Nottingham, manesi ena atangoweruka, chitenje atamanga pamwamba pa yunifolomu. Tinakhala pansi mizere iwiri moyang'anana, miyendo titatambasula, pakati patatsala kanjira kochokera kuchitseko kukafika pamene panali Esinati. Azibambo anakhala panja monga mwa mwambo, koma moto wosonkha kumeneko saloleza, ndiye ankangopondaponda m'chipale manja ali m'khwapa. Bambo Mbewe analipo, ataima patali. Azimayi a ku Eritrea ndi a Chikurdi amene ankagona m'holomo palibe anawauza kanthu, koma ataona mmene takhalira anafunda mipango yawo n'kudzakhala nafe.

Tinaimba nyimbo za maliro mpaka mawindo anayamba kuda. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkasowa. Pamaliro pamaimirira munthu n'kunena kuti amene watisiya ndi uje, mwana wa uje, wa mudzi wakuti. Apa aliyense ankaopa, poti dzina limenelo likatuluka pakamwa silibwereranso. Tinkaimba ngati tikulira munthu wongopeka. Nyimbo ina itatha kunakhala chete, ndipo m'chetemo Esinati anakuwa. Anaitana Lameki, anamuitana ndi mfunda wake, anatchula mayi ake ndi mudzi wake, anamufunsa kuti wamusiyiranji m'dziko la eni. Kulira kumene anakusunga masabata onse aja kunatuluka nthawi imodzi, ndipo tonse tinalira naye.

Pamenepo belu linalira, kamodzi, motalika.

Kulira kunaduka. Ndinadzuka n'kuyenda kanjira kaja. Pagalasi ndinaona getsi litayaka, azibambo ataima chapatali, onse akuyang'ana kuchitseko, ndipo palibe mmodzi amene anali pafupi ndi belu. Dzanja langa linapita pakabokosi mwa chizolowezi, koma sindinadine. Ndinatsegula chitseko chonse.

“Lowani, a Lameki,” ndinatero. “Kunja kukuzizira.”

Ine sindinaone kanthu, ndisaname. Inalowa mphepo yokha. Koma nditacheuka ndinaona mayi wa kumapeto kwa mzere akupinda miyendo monga timachitira munthu akamadutsa, kenako woyandikana naye, kenako winayo, mbali zonse ziwiri, mmodzimmodzi mpaka kukafika pa Esinati. Ngakhale azimayi a ku Eritrea aja, amene sanamve liwu limodzi la zimene ndinanena, anapinda miyendo. Pambuyo pake ndinawafunsa anzanga kuti anaona chiyani. Aliyense ankati anangotsatira mnzake, ndipo mayi woyamba uja anati sakukumbukira kuti anapinda.

M'mawa mwake Esinati anandidikirira pakhomo atavala jekete. Anati ndimuperekeze ku Derby. Ndinamufunsa ngati waganizira bwino za mwana, popeza mawu a bambo Mbewe anali akundilirabe m'makutu.

“Ndaganiza, anti,” anatero. “Ndikalola bambo ake apse ngati wakuba, mwana ameneyu ndidzamulera ndi nkhope yanji? Tsiku lina adzandifunsa kuti ali kuti.”

Tinakwera basi. Njira yonse minda inali yoyera mbee. Kuchipatala anatilandira mwaulemu, anatipatsa tiyi, anatilowetsa m'kachipinda kozizira. Atavundukula nsalu, bambo wa kumochale anafunsa mofatsa ngati amenewa ndi a Mbewe. Esinati anaika dzanja pachipumi cha mwamuna wake n'kunena kuti ayi, uyu ndi Lameki, ndipo anatchula dzina lonse pang'onopang'ono kuti alembe bwino. Bamboyo anatuluka kukaimba foni. Tonse awiri tinkadziwa kumene foniyo ikupita.

Zotsatira zake zinabwera monga tinkayembekezera: apolisi, mafunso, a imigireshoni. Bambo Mbewe anaukitsidwa pakompyuta koma ntchito inawathera, nkhani yawo inakafika kukhoti, ndipo kuyambira pamenepo tikakumana m'tauni ankawolokera tsidya lina la msewu. Sindiwada. Ndalama yotumizira mtembo kumudzi sinakwane, ndiye Amalawi tinasonkherana n'kumuika Lameki ku Derby komweko. Manda anakumba ndi makina, adzukulu kunalibe, dothi linali lolimba ngati njerwa. Koma pamtanda panalembedwa dzina lake. Titabwerako azimayi tinamusambitsa Esinati, tinamumasula nsalu ya pamimba, tinamudzoza mafuta. Tsiku limenelo anagona pabedi, ndipo anadzuka dzuwa litakwera. Za belu musandifunse ngati linasiya chifukwa cha ife kapena chifukwa chipale chinasungunuka. Pauline mpaka lero angakuuzeni kuti chinali chinyezi.

Loya wina anayesetsa, koma anati Tiya zaka zake zinali zisanakwane zimene lamulo limaganizira kuti mwana asachotsedwe m'dziko. Esinati ankapita kukasaina kwa a imigireshoni mwezi ndi mwezi, ndipo chisanu china chisanafike anawakweza ndege. Tiya ananyamula chikwama chake cha kusukulu, ankaganiza kuti akupita kutchuthi.

Nanenso nthawi yanga yobwerera kumudzi inakwana, msana utatopa ndi kunyamula nkhalamba za eni. Ndinapeza nyumba imene mchimwene wanga ankandimangira ili yaing'ono kuposa ya pazithunzi, ndipo ana amene ndinawasiya akukwawa ankanditcha a ku UK, n'kumandiyang'ana m'manja. Nkhani za kumeneko palibe amene ankafuna kumva kupatula za ndege. Ndiye tsiku lina ndinangokwera minibasi ya ku Ntcheu kukaona munthu mmodzi amene akanandimvetsa.

Esinati ndinamupeza akugulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu. Anali atanenepa, akuseka mokweza, ndipo anati amagona tulo tabwino. Apongozi ake anandigwira manja onse awiri kundithokoza kuti mwana wawo anagona m'dothi ngati munthu. Mtima wanga unakhala pansi, ndinadziuza kuti tinachita bwino. Tiya anali atatalika, mapazi atachita ming'alu. Anandipatsa moni atagwada, m'Chichewa chosalala. Mayi ake anati Chingerezi anachisiya dala, anzake kusukulu ankamuseka kuti mzungu wosauka. Nthawi yonse imene ndinakhalapo ankangotumikira, osandiyang'ana kumaso.

Pobwerera mayi ake anamuuza kuti andiperekeze kusiteji. Ananyamula chikwama changa pamutu, tinayenda pakati pa minda. Titayandikira msewu anafunsa osatembenuka.

“Anti, kumanda kwa adadi amapitako ndani?”

Ndikanatha kunama, koma mwana ameneyu sindinayambe ndamunamizapo. Ndinamuuza kuti palibe. Amalawi a nthawi ija anabalalika, ine ndemwe ndabwerera, ndipo a khonsolo amangodzatchetcha udzu ndi makina.

“Ndiye tinawalowetsa iwo, ife n'kutuluka,” anatero.

Anatula chikwama changa pasiteji, anandigwira dzanja mwaulemu, n'kubwerera kumudzi minibasi isanafike.